Mawu Anga Kuntchito, Ine M'shedi ya Nsomba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Mwadzuka bwanji? Inu a kumbuyo uko, mwacherwa tani? Takhuta, ndiko kuthokoza kwathu kuno. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amayi a kwaya, zikomo, mwaimba mpaka mwendo wanga wakufawu unafuna kudzuka.

Ndilankhula chikhalire, musandione wamwano. Kuima nthawi yaitali sinditha. Lilime nalonso limalemera, mawu ena azituluka opindika. Mukapanda kumva, funsani mnzanu wapambali.

Dzina langa ndine Zuze. Ambiri mumandidziwa kuti mlongo wa a Rozina, ogulitsa nsomba za makakana pamsika wa Bangula pano. Ena, makamaka ana anu, amanditchula kuti Malovu. Inde, ndimamva. Makutu sanafe.

Ndisanagwe ndinali mmisiri wa mapulogalamu a pakompyuta. Zija mumadina m'foni zija, pali anthu amene amazipanga. Koma asanayambe kupanga pamafunika wina wojambula pulani, monga zimakhalira pomanga nyumba: maziko akhala pati, khomo liloza kuti, madzi akabwera adutsa pati. Ine ndinali wa pulaniyo. Kenako ndinakwera. Ndinayamba kuphunzitsa ojambula mapulani anzanga pamodzi ndi matimu awo. Ndinkagwira ku kampani ina ya ku Blantyre. Dzina sinditchula, tili m'nyumba ya Mulungu. Makampani ang'onoang'ono ankabweretsa anthu awo kwa ife kuti tiwasule, ndipo wosula wake ndinali ine.

Ntchito yonse inali ya pa intaneti. Ndiye ndinati, nanga ndizivutikiranji ndi kuzizira kwa ku Blantyre? Ndinabwerera kwathu kuno kuchigwa, n'kupeza nyumba ya lendi pa boma ku Nsanje. M'mawa ndinkatsegula laputopu, nkhope n'kubwera pa sikirini. Uyu ali ku Mzuzu, uyu ku Zomba, uyu ku Lilongwe. Tinali ndi bolodi la pa intaneti, loti ukajambula uli ku Nsanje, mnzako ku Mzuzu akuona pompo, nayenso n'kujambulapo zake. Pamwamba ndinkavala jekete, pansi kabudula wa mpira, mapazi ali m'beseni la madzi. Kutentha kwa kwathu kuno mukukudziwa. Kamera imaona kuyambira pachifuwa basi. Aneba ankati, bambo uyu sapita kuntchito, amangokhalira kukalipira kompyuta, koma akudya bwino, pali kanthu apa. Ine ndinkangoseka.

Kaphunzitsidwe kanga sikanali kopatsa munthu yankho m'manja. Ayi. Munthu akajambula pulani yake pa bolodi, ine ndinkamufunsa funso. Magetsi akathima zikhala bwanji? Anthu akabwera ambiri nthawi imodzi zikhala bwanji? Ndikafunsa, ndinkakhala chete. Chete weniweni, mpaka munthu thukuta kamukamu, mpaka aone yekha pamene pali mng'alu. Ena ankadana nazo. Koma amene waona yekha saiwala.

Abale, ntchito imeneyi ndinkaikonda. Ndinkaikonda kuposa chakudya. Mukanandifunsa kuti Zuze ndi ndani, ndikanakuuzani kuti ndi mphunzitsi wa amisiri, basi. China ndinalibe.

Mwa onse amene ndinawasula panali mmodzi amene ndinkamunyadira, dzina lake Limbani. Anabwera asakudziwa kanthu, koma mutu wake unali wakuthwa. Ndinamuphunzitsa pulani. Ndinamuphunzitsa kutsogolera timu. Ndinamuphunzitsanso kuyendetsa misonkhano ya pa intaneti: umu ndi mmene umalowetsera anthu, umu ndi mmene umatsekera maiki ya munthu amene kwake kukulira tambala. Ankanditchula kuti bambo ake a pantchito. Ndi Limbani yemweyo amene anati, "Bwana, maphunziro anuwa tiziwajambula, kuti amene wajomba adzaonere." Ndinati chabwino, nanga choipa n'chiyani. Zaka zinkapita, mavidiyo akungounjikana.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndili pakati pophunzitsa, dzanja lamanja linakana. Ndikuti ndijambule, silikumva. Ndikuti ndinene kuti dikirani, pakamwa pakutuluka zina. Ndinagwa pampando. Sitiroko, abale. Ndinadzidzimuka ndili kuchipatala, mbali yonse yamanja yafa, lilime lili nyomi m'kamwa ngati si langa.

Mkazi wanga anapirira miyezi ingapo. Sindimunena kwambiri. Koma tsiku lina, akundipukuta malovu, anati, "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wolankhula." Sabata yomweyo anatenga ana n'kupita kwawo ku Thyolo, akuti kukaona amayi. Mpaka lero akuonabe amayi.

Amene anabwera kudzanditola ndi achemwali anga a Rozina. Ndi awo avala mpango wobiriwirawo. Musabisale, achemwali! Anandikweza minibasi, mutu wanga uli pamiyendo pawo, n'kundibweretsa kuno ku Bangula, kunyumba kwawo ndi amuna awo a Thomu. Alamu angawo muno mulibe. Ali kumene mukudziwa.

Kuntchito kunangoti zii. Tsiku lina ndinayesa kulowa pa bolodi lathu ndi dzanja lamanzere. Pasiwedi inakana. Ndinati mwina chala chaterereka. Ndinayesanso. Inakana. Anali atanditsekera khomo osandiuza. Komabe sindinataye mtima. Ndinati akudikira ndichire. Ku mafizo olimbitsa thupi ndinkapita. Kulankhula ndinkayeserera ndi abakha a achemwali kuseri kwa nyumba, chifukwa abakha saseka munthu.

Kenako uthenga unabwera pafoni, wochokera kwa Limbani. Akuti, bambo, tili ndi msonkhano waukulu wa matimu onse, tikufuna mudzakhalepo, linki ndi iyi.

Aleluya! Ndinalira ndi chimwemwe. Ndinati mwana wanga wandikumbukira, akundibwezera pantchito. Masiku onse otsalawo ndinkaloweza zoti ndikanene, mawu amodziamodzi. Achemwali anachapa jekete, n'kulisita ndi ayironi ya makala. Anandigulira bandulo ya intaneti. Tsikulo sanapite kumsika. Anandikhazika pansi pa mtengo wa nimu pamene netiweki imagwira bwino, laputopu ili pa mpando wina, iwo ataima kumbuyo ndi kansalu kondipukutira pakamwa.

Ndinalowa. Nkhope zonse zija, abale! Ana anga a pantchito, onse ali pamenepo. Limbani wavala tayi, wakhala pa mpando umene unali wanga. Anati, "Lero tikutsegulira sukulu yathu ya mavidiyo. Kuyambira pano timu iliyonse iziphunzira nthawi imene yafuna, osadikira munthu. Tili ndi mwayi kuti a Zuze ali nafe. Bambo, tipatseni moni mwachidule."

Sukulu ya mavidiyo? Komabe ndinayamba. Ndinati, "Mu... mu... muli..." Mawu anakakamira. Malovu anatsika. Achemwali anapukuta. Wina anaseka, ndinamumva. Ndinalimba mtima, ndinapitiriza. Ndinawauza kuti ndawasowa. Ndinawauza kuti mutu wanga ulipo wonse, chafa ndi dzanja ndi lilime. Ndinawauza kuti ndikuchira, andidikire pang'ono. Ndinawapempha, abale, ine mphunzitsi wawo, ndinawapempha kuti asanditaye. Ndinalankhula nthawi yaitali, thukuta lili noninoni. Ndinadabwa kuti lero mawu akutuluka, palibenso akuseka. Ndinati Mulungu wandimasula.

Ndiye achemwali anandigwira paphewa. Anati, "Zuze, anthuwa akukumva? Bwanji onse akuyang'ana kwina?"

Ndinayang'ana pakona pa sikirini. Kachizindikiro ka maiki kanali kofiira, kali ndi mzere pakati. Limbani anali atanditseka kalekale, pa mawu oyamba aja. Zonse zija ndinkauza mtengo wa nimu. Ndinadina kuti nditsegule. Zinakana, anali atakhoma. Ndipo pamene ndinatchera khutu ndinamva Limbani akunena kuti, "Monga mwaonera, bambo athu sali bwino. Tiyeni timvere a Zuze enieni."

A Zuze enieni! Vidiyo inayamba. Mawu anga akale, osalala, amphamvu, akuphunzitsa. Nkhope yanga anali ataichotsa. Dzina langa anali atalichotsa. Panatsala mawu ndi zojambula. Mafunso anga aja anawadula onse, ndi kukhala chete kuja anadula, akuti kumataya nthawi. Anasiya mayankho okhaokha, ondondozana bwinobwino. Ndinayamba kulemba pa malo a mauthenga ndi chala chimodzi, kuti ndili pano, nditseguleni. Ndisanamalize, sikirini inasintha. Panalembedwa kuti woyendetsa msonkhano wakutulutsani.

Mabatani amenewo Limbani ndinamusonyeza ndine. Ndinamusonyeza chifukwa cha atambala.

Achemwali anandivula jekete, n'kulipinda, n'kukaliika m'chikwama.

Abale ndi alongo, mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Ayi. Alamu anga ankandipirira chifukwa ankati bwana akachira tidyera. Atamva kuti ntchito yatha, nkhope inasintha. Achemwali atapita kumadambo a ku Nyachikadza kukapikula nsomba, a Thomu anabwera kuchipinda kwanga. Anati, "Munthu uyu nkhabe basa. Alibe ntchito, akungonunkhitsa nyumba, alendo akuopa kulowa." Anandikoka ndi mphasa yomwe, mpaka ku shedi kumene achemwali amasungira nsomba zowamba. Laputopu anatenga. Anati, "Wakufa manja achita nayo chiyani?" Anapita nayo kumene amagulitsa mowa, kuti azionetsera makasitomala mafilimu a nkhonya.

Masiku amenewo achemwali kulibe, alamu anapeza masewera. Ankabwera masana ndi anzawo a kumowa, mbale ya chakudya ili m'manja. Ankati, "Pulofesa, tanenani kuti Nyachikadza. Mukanena bwino mudya." Ine njala ikundipweteka. Ndinkayesa. "Nya... nyachi..." Iwo chikhakhali, mpaka kugwirana mapewa. "Bwerezani, pulofesa, sitinamve!" Ndinkabwereza. Ndinkabwereza chifukwa cha njala. Ana a aneba ali pakhomo la shedi, akuphunzira. Tsiku lina mbale anaipatsa galu ndikuona, akuti ndalephera mayeso.

Achemwali atabwerako panali nkhondo. Anakalipa mpaka mudzi wonse unamva. Koma alamu anati, "Nyumba ndi yanga. Iwe ndinakulowola, mlongo wako sindinalowole. Ngati sukufuna, mutengane." Akanapita nane kuti? Anangondiyalira mphasa yatsopano m'shedi momwemo, n'kundimangira neti.

Mukuidziwa shedi ya malata mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa? Pamwamba moto. Pambali fungo la milamba. Ntchentche pakamwa panga, dzanja lozithamangitsira ndi limodzi. Makoswe akuyenda pa mwendo wakufawu, ine osamva.

Foni ndinali nayo. Tsiku lina ndikungodinadina, ndinamva mawu anga. Kampani ija inkatsatsa sukulu yake ya mavidiyo. Mawu anga akuti, tiyeni tione maziko a pulogalamu yathu. Anthu akulemba pansi pake kuti maphunziro abwino, zikomo a Limbani. Mawu anga ali kuntchito, akudyetsa anthu, akukweza anthu maudindo. Mwini wake ndili pakati pa madengu a nsomba, ndadzinyowetsera.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulankhula. Ndi abakha omwe ndinasiya. Abusa anabwera kudzandipempherera, ali pano angachitire umboni, amen sindinayankhe. Mumtima ndinkati, Mulungu, kodi nanunso mwandidinira batani? Ndikulankhula, ndikulankhula, kumwambako mukuyang'ana kwina? Ngati Zuze weniweni ndi wa m'vidiyo uja, wotsalayu mukumusungiranji? Mutengeni.

Ndinayamba kubisa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pansi pa mphasa. Ndinkafuna sitiroko yachiwiri ibwere idzamalize ntchito. Achemwali anawapeza akusesa. Anakhala pansi pafumbi, mapiritsi ali m'manja. Anati, "Iwe Zuze. Ukufuna kufa? Usafere m'shedi mwanga, undiwonongera nsomba." Kenako anati, "Ndinakubereka kumsana uli khanda. Ndakuberekanso uli ndi ndevu. Kachitatu ndikubereke kupita kumanda? Nkhabe! Ndakana! Yasamula." Ndinayasamula. Kuyambira pamenepo ankandimwetsa okha, n'kundiyang'ana m'kamwa ngati ndameza.

Ndinakhala moyo chifukwa choopa achemwali. Chifukwa china ndinalibe.

Tsopano imvani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Tsiku lina foni inalira, nambala yachilendo. Ine foni ndinali nditasiya kuyankha. Achemwali anayankha. Anali mayi wina wa ku Mzuzu, dzina lake Tadala, mtsogoleri wa timu ya kakampani kena kamene ndinkakasula kale. Anati akufuna a Zuze. Achemwali anati, "A Zuze ake ati? Enieni muli nawo komweko." Mayiyo anati, "Mayi, ine ndinalipo tsiku lija. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ndinadziwa kuti awatseka. Sindinanene kanthu, ndinaopa kudana ndi akuluakulu. Chonde ikani foni pakhutu pawo."

Anandiuza vuto lawo. Timu yake inapanga pulogalamu ya zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, yolembera odwala ndi mankhwala amene alandira. Anatsatira mavidiyo aja mutu ndi mutu. Mu ofesi ku Mzuzu inkayenda bwino. Atapita nayo kumidzi inkangoima, anamwino akubwerera ku mapepala, eni zipatala akufuna kuwalanda ntchito. Anati, "Bambo, taonera mavidiyo anu mpaka taloweza. Akungotiuza zomwezomwezo. Vidiyo siona pulani yathu. Vidiyo sitifunsa kanthu. Tikufuna munthu woti atifunse."

Ndinalanda foni. Ndinalemba ndi chala chimodzi: sinditha kulankhula. Anayankha pompo: sitikufuna mawu, lembani. Ndinalemba: ndimachedwa. Anayankha: tidikira. Ndinalemba: laputopu ndilibe.

Achemwali anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinawalozera. Abale, mukuwadziwa a Rozina akamanga chitenje m'chiuno! Anauyatsa ulendo wa kumowa. Amene analipo amati anapeza filimu ili pakati, anthu akuchemerera. Anazula laputopu ndi zingwe zomwe. Alamu anati, "Iwe mkazi, wapenga?" Iwo anati, "Ande, ndapenga. Yandikira uone." Palibe anayandikira. Anabwera nayo itanona masese, mabatani ena atathothoka, m'kati modzaza mafilimu. Koma inayaka.

M'mawa mwake anandikhazika pakhomo la shedi, dengu lovundikira likhale tebulo. Jekete ndinakana. Kamera ndinazimitsa. Maiki ndinatseka ndekha, ndinati wina asavutike. Tadala ananditumizira linki ya bolodi lawo. Ndinalowa. Pulani yawo inali pamenepo, mabokosi ndi mivi yolumikiza, zojambulidwa mwaukhondo. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti mwina mutu nawo unafa osandiuza.

Koma ndinauona mng'alu. Mivi yonse inkaloza ku bokosi limodzi, kompyuta yaikulu ya kutauni. Chilichonse chimene namwino walemba chinkayenera kukafika kumeneko kaye.

Ndinayamba kulemba. Chala chimodzi, cha dzanja limene silinazolowere. Ndikalakwitsa, kufufuta, kuyambiranso. Iwo akuona chilembo chilichonse chikubadwa pa bolodi. Ndinkadikira kuti wina aseke. Ndinkadikira kuti wina amalize chiganizo m'malo mwanga. Palibe. Timu yonse inali chete, ikudikira. Ndinalemba kuti: namwino ali kumudzi kopanda netiweki, mayi wafika ndi mwana wotentha thupi, pulogalamu yanu ichita chiyani?

Ndinachotsa dzanja.

Kunali zii. Kenako bambo wina wa m'timumo anati, "Iima. Idikira netiweki." Wina anati, "Ndiye mwanayo adikirenso?" Anayamba kukangana okhaokha. Ine chete. Tadala anatenga cholembera cha pa bolodi, n'kujambula kabokosi kena m'foni ya namwino momwemo. Anati, "Zizisungidwa kaye apa. Netiweki ikabwera zizipita zokha." Ndinalembanso: anamwino awiri alemba zosiyana za mwana mmodzi, netiweki yabwera, pulogalamu imvera ndani? Ndinamva wina akuti, "Mayo ine!" Wina anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wagwidwa ndi funso. Kuseka kumeneko ndimakudziwa.

Abale, ndinali pantchito! Ntchentche zili pompo, fungo lili pompo, koma ndinali pantchito. Misozi inkagwera pa mabatani. Achemwali anadabwa, anati, "Akukutukwananso?" Ndinapukusa mutu.

Pomaliza Tadala anati, "Bambo, tsegulani maiki. Sitichoka mpaka mutitsanzike." Ndinalemba kuti ayi. Anati, "Ife tilibe kothamangira." Ndinatsegula. Ndinali nditatha miyezi osatulutsa liwu. Ndinati, "Zi... zi... ziko... zikomo." Anandisiya mpaka ndinafika kumapeto. Kenako onse anayankha, zikomo bambo.

Mulungu sanandidinire batani, abale. Ankamva. Nthawi yonse ija ndili m'shedi, ankamva. Nenani amen!

Tinagwira ntchito ndi timu imeneyo mpaka pulogalamu inayenda kumidzi. Tadala anauza anzake, anzakewo anauza ena. Lero ndili ndi matimu angapo. Si ambiri ngati kale, mphamvu ndi zochepa. Ndinachoka m'shedi. Ndikukhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, ndinaikapo sola chifukwa magetsi mukuwadziwa. M'mawa ndimawerenga zimene amisiri alemba, n'kuwasiyira mafunso m'mphepete. Masana timakumana pa bolodi. Zambiri ndimalemba, zina ndimalankhula. Lamulo langa ndi limodzi: palibe kujambula. Amene wajomba adzabwere mawa, adzandipeza.

Musaganize kuti zonse zinakoma. Dzanja ili silinadzuke. Ndimayenda ndi ndodo. Mkazi wanga sanabwere, ana ndimawamva pafoni mwa apo ndi apo. Alamu tsopano amandipatsa moni wa manja awiri, akuti pulofesa mwadzuka bwanji, ine ndimangoyankha. Limbani anakwezedwa, ndi bwana wamkulu. Pepani sananenepo. Abusa amati ndikhululuke. Ndikuyesa. Tsiku lina zimatheka, tsiku lina ndikamva dzina lake chakudya chimandikanika. Mundipempherere pamenepo.

Chimene chandibweretsa pano lero ndi cha mwezi wathawu. Mu timu ya Tadala munabwera mmisiri watsopano, dzina lake Mphatso, wochokera ku kampani yanga yakale ija. Iye anaphunzira ndi mavidiyo okhaokha. Ine pa bolodi ndimangolembedwa kuti Mphunzitsi, kamera sinditsegula kawirikawiri. Titagwira ntchito masiku angapo anandifunsa. Anati, "Bambo, kajambulidwe kanu ka mapulani kakufanana ndi ka malemu aja. Kodi munaphunzira kwa iwo?"

Ndinalemba: malemu ati?

Anati, "Aja a m'mavidiyo. Dzina sanatiuze, anangoti anali katswiri wa kuchigwa, anamwalira ndi sitiroko. Ophunzira atsopano akamayamba, bwana Limbani amatiimiritsa tonse, timakhala chete pang'ono kuwakumbukira. Amanena kuti anali ngati bambo awo. Amafika mpaka pogwetsa misozi."

Abale ndi alongo, anandiika m'manda. Popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda kuwauza achemwali anga. Anandiika, ndipo akumandilira chaka ndi chaka, tayi ili m'khosi.

Tadala anati, "Mphatso, khala chete." Ine ndinalemba kuti musiyeni. Ndinayatsa kamera, aone pakamwa popindikapa. Ndinatsegula maiki ndi dzanja langa. Ndinati, "Ndine. Dzina langa ndine Zuze. Sindinafe."

Bamboyo anagwira pakamwa. Anayang'ana, anayang'ana, kenako anaphimba nkhope n'kuyamba kulira. Ndinamusiya alire. Atatonthola ndinamuuza kuti, pukuta m'maso, pulani yako ili ndi mng'alu, tiye tiuone.

Ndiye ndabwera kudzathokoza. Zikomo Yesu. Zikomo achemwali, takhuta maningi. Zikomo mpingo. Kutauni uko akuima chete kundikumbukira, koma inu mwandiona ndi maso anu, mwandimva ndi makutu anu. Wina akadzakufunsani, mudzamuuze kuti Zuze ali moyo, amakhala kuseri kwa msika wa Bangula, ndipo mawa m'mawa ali ndi kalasi.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.